Kodi inshuwaransi ya galimoto ikukudulirani chifukwa cha dzina? Mmene mungafufuzire ku Britain

Ku Britain, lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa kampani ya inshuwaransi kuika mtengo potengera mtundu wa munthu, khungu lake kapena dziko limene anachokera. Pafomu yofunsira mtengo palibe funso lotero. Vuto ndi loti mtengo umawerengedwa ndi kompyuta imene imasonkhanitsa zinthu zambirimbiri, ndipo zina mwa zinthuzo zimayendera limodzi ndi mtundu wa munthu.

Mu Januwale 2018 nyuzipepala ya The Sun inafunsa mitengo ndi mayina awiri, Mohammed Ali ndi John Smith, zina zonse zili chimodzimodzi. Inalemba kuti pa mtengo wina kampani ya Admiral inamukwezera Mohammed ndi mapaundi 919. Admiral inakana, n'kunena kuti makina ake ogwira achinyengo ndi amene amakweza mtengo akaona kuti zolembedwa pafomu zikusinthidwa mokayikitsa. Mu 2022 bungwe la Citizens Advice linaunika anthu pafupifupi 18,000 amene linawathandiza pa nkhani za ngongole, ndipo linapeza kuti pa inshuwaransi ya galimoto anthu osakhala azungu ankalipira pafupifupi mapaundi 250 kuposa azungu pachaka. Bungweli litayesa mayina osiyana pa postcode imodzi (zilembo ndi manambala a pa adiresi osonyeza dera limene munthu amakhala), mitengo sinasiyane kwenikweni. Inasiyana kwambiri litasintha postcode. Ndiye ngati mukufufuza, musataye nthawi yonse pa dzina.

Musayese ndi dzina lopeka

Ambiri amathamangira kulemba dzina lachizungu kuti aone ngati mtengo utsike. Kuyesa koteroko sikuuza zoona. Mukangodina, kompyuta imatenga dzina, tsiku lobadwa ndi adiresi yanu n'kuzifananiza ndi kaundula wa ovota ndiponso mbiri yanu ya ngongole. Dzina lopeka silipezeka paliponse, choncho mtengo ungakwere kapena kampani ingakane kupereka mtengo, ndipo simungadziwe ngati wasintha chifukwa cha dzinalo kapena chifukwa choti munthuyo kulibe. Kusinthasintha zolembedwa pa galimoto imodzi kungachititsenso kuti makina akukayikireni, n'kukwezanso mtengo wa dzina lanu lenileni.

Yambani ndi kalembedwe ka dzina lanu

Apa m'pamene dzina limapwetekadi. Ikani pamodzi laisensi, buku la galimoto la V5C ndi kalata ya kubanki, muone ngati dzina lalembedwa mofanana chilembo ndi chilembo. Mayina amene amalembedwa m'njira zingapo, kapena amene dzina la makolo linayamba pa chikalata chimodzi n'kukhala kumapeto pa china, amasokoneza makina, ndipo munthu wa mbiri yabwino amaoneka ngati wosadziwika. Pemphani mbiri yanu ya ngongole ku makampani amene amaisunga: Experian, Equifax ndi TransUnion. Lamulo limakupatsani ufulu woiona kwaulere. Mukapeza cholakwika, auzeni akonze musanafunse mtengo. Ngati muli ololedwa kuvota, lembetsani pa adiresi imene mukukhala pano.

Pemphaninso mbiri yanu ya ngozi mu kaundula wa CUE, amene amasungidwa ndi bungwe la Motor Insurers' Bureau. Mumakhala ngozi za zaka 6 zapitazo, ngakhale zimene munangonena osapempha chipukuta misozi. Muonetsetse kuti zonse ndi zanudi, makamaka ngati dzina lanu lili ndi anthu ambiri.

Funsani mitengo mwadongosolo

Funsani kutatsala masabata atatu kapena anayi kuti inshuwaransi iyambe, chifukwa wofunsa tsiku lomaliza amapatsidwa mtengo wokwera. Lembani mayankho anu papepala: ntchito, mamailosi a pachaka kuchokera pa mbiri ya MOT (kuyezedwa kwa galimoto kwa chaka ndi chaka), kumene galimoto imagona, zaka zimene mwayendetsa osapempha chipukuta misozi. Kenako ikani mayankho omwewo tsiku lomwelo pa mawebusaiti awiri kapena atatu ofananitsa mitengo, monga Compare the Market, Confused.com ndi MoneySuperMarket. Jambulani mtengo uliwonse, nambala yake, tsiku ndi nthawi. Mitengo imasintha tsiku ndi tsiku, ndiye wa Lolemba sungafananizidwe ndi wa Lachisanu.

Mafunso atatu amakweza mtengo kwa obwera kuchokera kunja: munayamba liti kukhala ku Britain, laisensi yanu ndi ya dziko liti, ndipo mwakhala nayo zaka zingati. Yankhani zoona. Makampani ena amavomereza zaka zimene munayendetsa kunja osapempha chipukuta misozi ngati muli ndi kalata ya Chingelezi yochokera ku kampani yanu yakale, koma zimenezi zimafuna kuimba foni.

Nanga postcode?

Mu 2024 BBC inapeza kuti m'madera a England amene mumakhala anthu ambiri osakhala azungu, mitengo inali yokwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Makampani amati amayang'ana kuchuluka kwa ngozi ndi kuba m'deralo. Ife timaona kuti yankho limeneli n'losakwanira, chifukwa mawerengero awo ndi achinsinsi ndipo munthu wamba sangawatsimikizire. Komabe musalembe adiresi ya m'bale wanu wa kudera lina. Malinga ndi lamulo la 2012 la zimene wogula inshuwaransi ayenera kuulula, kampani ikapeza kuti munanama dala ingathe kufafaniza inshuwaransiyo, kukana kulipira ngozi, n'kusunga ndalama zanu. Zikatero, fomu iliyonse ya m'tsogolo idzakufunsani ngati inshuwaransi yanu inafafanizidwapo.

Kukadandaula

Lemberani kampaniyo kuti ikupatseni zonse zimene ikusunga zokhudza inu. Pempho limeneli limatchedwa subject access request, ndi laulere, ndipo ayenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi. Funsani kumene anatenga chilichonse chimene inu simunawapatse.

Ngati simunakhutire, lembani kalata yonena momveka kuti mukudandaula, muikemo nambala za mitengo ndi zithunzi zija, ndipo munene kuti mukukayikira tsankho la mtundu. Kampani ili ndi masabata 8 oti ipereke yankho lomaliza. Yankholo likafika muli ndi miyezi 6 yopititsa nkhani ku Financial Ombudsman Service, ofesi yoweruza madandaulo okhudza makampani a zachuma, kumene simulipira kanthu. Ofesi imeneyi ingathe kuitanitsa mawerengero amene kampani singakuonetseni inuyo, koma sigamula kuti Equality Act yaphwanyidwa. Imeneyo ndi ntchito ya khoti, ndipo mlandu wotero uyenera kulowa pasanathe miyezi 6 chichitikire nkhaniyo. Nthawi ya kukhotiyi imayamba kuwerengedwa musanalandire n'komwe yankho la kampani, choncho funsani malangizo ku Equality Advisory and Support Service, bungwe lolangiza anthu pa nkhani za tsankho, sabata yomweyo imene mwatumiza dandaulo.