Zoyenera Kuchita Mukadwala Mudzi

Mwafunsa chochita mukamamva kuwawa ndi kuyabwa kotulukira chimbudzi. Mudzi umayamba mitsempha ya magazi ya pamalopo ikatupa, makamaka chifukwa cha kudzimbidwa, kudzikakamiza pochita chimbudzi kapena kukhala ndi pakati.

Choyamba, fewetsani chimbudzi podya nsima ya mgaiwa, nyemba, bonongwe ndi mapapaya, ndipo muzimwa madzi ambiri, popeza kutentha kwa kuno ku Tete kumaumitsa thupi msanga. Musamakhalitse m'chimbudzi, ndipo mukamaliza muzitsuka ndi madzi. Kenako muzikhala m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku.

Mukaona magazi, kapena ululu ukapitirira sabata, pitani kuchipatala mwamsanga, chifukwa khansa ya m'matumbo nayonso imatulutsa magazi. Musalole aliyense kudula chotupacho kunyumba.