Kamangidwe ka nsambo pa buliji ya ukulele kuti zisamapulumuke

Nsambo za ukulele, kagitala kakang'ono kaja, kuno ku Chipata sizipezeka chisawawa, ambiri timachita kutuma munthu amene akupita ku Lusaka olo ku Lilongwe, ndiye zimawawa kuona nsambo yatsopano yapulumuka pa buliji chifukwa cha kamangidwe chabe. Buliji ndi kathabwa kaja kamene kali pamimba, kumunsi kwa chibowo chachikulu.

Nsambo zilipo 4, G, C, E ndi A. Ya C ndiye yonenepa kwambiri, G ndi A ndi zoonda. Sinthani imodzi imodzi kuti musasokoneze malo ake.

Ngati buliji yanu ili ndi timabowo, lowetsani nsambo kuchokera mbali ya chibowo chachikulu itulukire kumbuyo, musiye kamchira ka masentimita 6 kapena 7, osaumira. Manje tengani kamchirako mukabweze pamwamba pa buliji, kadutse pansi pa nsambo yaitali ija nkuizungulira, apa mwapanga kakhwekhwe. Kamchira kaja muzikapisa pansi pa khwekhwelo mokulunga, kawiri pa C ndi E, katatu pa G ndi A chifukwa nayiloni yoonda imaterera zedi.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Kupisa komaliza kukhale kumbuyo kwa buliji, kuseri kwa kona yake, osati pamwamba, poti konayo ndiye imakanikiza kamchira nsambo ikayamba kukungika. Gwirani kamchira ndi chala chachikulu, dzanja linalo likoke nsambo yaitali pang'ono pang'ono mpaka mfundo igone bwino bwino. Ine ndimayamba ndaotcha nsonga ndi machesi kuti ipange kamutu, koma chitirani patali ndi ukulele, vanishi sichedwa kupsa.

Buliji ina ilibe mabowo, ili ndi timipata chabe. Imeneyo siivuta, mangani mfundo kunsonga, pa zoonda mubwereze kawiri, nkuikoletsa m'kampata.

Kumutu kwa ukulele lowetsani nsambo pa kiyi yake yokungira, muzipotokola mpaka izungulire katatu motsikira pansi. Ikatsika mawu musadandaule kuti mwamanga molakwika, nayiloni yatsopano imatamuka masiku angapo, ndiye muzichuna pafupipafupi, pa foni pali ma app ochunira aulere. Kamchira kotsala mudule mawu akakhazikika, musiyeko pang'ono kuti kasakande thabwa komanso kasapulumuke.