Handibuleki ya Pikiapu Ikafooka, Yambirani M'madilamu Akumbuyo

Handibuleki ikasiya kugwira, ambiri amathamangira kumanga nati ya kebulo. Galimoto imaima bwino masiku ochepa, kenako vuto limabwerera, ndipo nthawi zina mabuleki amayamba kukhula ngakhale chogwirira chili pansi. Kawirikawiri gwero la vutoli limakhala m'dilamu (chitsulo chonga mbale kuseri kwa tayala, momwe muli mabuleki), kebulo imabwera pambuyo.

Yambani ndi kumvetsera. Kokani chogwirira pang'onopang'ono ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 20, muwerenge kuti mano ake alira kangati. Pa mapikiapu ambiri chimalimba chisanapitirire ka 8 kapena ka 9, ndipo nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Chikakwera mpaka kumapeto osalimba, mpata pakati pa ma brake shoe (zitsulo zopindika zomwe zimakanikiza m'kati mwa dilamu kuti tayala ligwire) ndi dilamu wakula. Chikalimba msanga koma galimoto n'kumatsetserekabe, ganizirani za mafuta pa ma shoe kapena kebulo yomwe yauma ndi dzimbiri.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, tsekerani matayala akutsogolo mbali zonse ziwiri, kwezani kumbuyo ndi kukhazika ekiselo pa masitandi. Musalowe pansi mukudalira jeke yokha. Ikani giya pa nyutulo, kokani handibuleki, muyese kuzunguliza tayala lililonse ndi manja. Limodzi likagwira lina n'kumazungulira, mwapeza mbali yodwala.

Tsitsani handibuleki, muchotse tayala ndi dilamu. Dilamu likakana musaliphwanye ndi hamala. Madilamu ambiri, monga a Toyota Hilux, ali ndi mabowo awiri a mazinga: lowetsanimo mabawuti a M8, muziwamanga mosinthanasinthana, dilamu lituluka lokha. Likakakamirabe, bwezani adjuster (kachipangizo koyandikitsa ma shoe ku dilamu) kudzera pa kabowo ka kuseri kotsekedwa ndi labala. Fumbi la m'kati musaliuzire ndi mpweya, n'loipa m'mapapo. Litsukeni ndi brake cleaner.

Apa ndiye poyang'anitsitsa. Lining (chomatidwa pa shoe chomwe chimakhula dilamu) ikatsala milimita 1.5 kapena kucheperapo, sinthani ma shoe, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ngati anyowa, nunkhizani. Fungo lamphamvu la oyilo wa difu likusonyeza kuti oil seal (labala wotchinga oyilo) ya ekiselo yatha, pomwe madzi opyapyala pansi pa labala wa wheel cylinder (kachipangizo kokankha ma shoe mukaponda buleki) ndi brake fluid. Shoe yomwa mafuta sichira ndi kutsuka, imatayidwa, ndipo kuika yatsopano musanatseke podontha n'kutaya ndalama. Gwedezaninso kachitsulo komwe kebulo imakoka: kayenera kuyenda momasuka n'kubwerera kokha. Adjuster yogwidwa dzimbiri imasuleni, itsukeni, mupake girisi wosasungunuka ndi kutentha pa mazinga okha, pang'ono chabe. Muyeso womaliza wa kutambalala kwa m'kati mwa dilamu unalembedwa pa dilamu lomwelo. Likadutsa pamenepo, ngakhale ma shoe atsopano sakhudza mokwanira.

Kebulo ikokeni ndi dzanja mutaimasula. Yolimba, yotupa chikopa kapena yothothoka timawaya, isintheni.

Pomanga, masulani kaye nati ya pa equalizer (kachitsulo kogawa mphamvu ya chogwirira ku matayala awiri akumbuyo) kuti kebulo ikhale yolefuka. Bwezani dilamu, zungulizani kagudumu ka mano ka adjuster mpaka dilamu ligwire, kenako bwezani pang'onopang'ono mpaka lizungulire likungomveka kukhudza pang'ono. Pondani buleki kangapo kuti ma shoe akhale pakati, muyesenso. Mukamaliza mbali zonse ndi pomwe mumange kebulo mpaka kulira kufike pa nambala yoyenera, ndipo chogwirira chikakhala pansi matayala azizungulira momasuka.

Pikiapu ya madisiki kumbuyo nthawi zambiri imakhala ndi timashoe ting'onoting'ono ta handibuleki m'kati mwa disiki, tokhala ndi adjuster yakeyake. Ndondomeko ndi pafupifupi yomweyi.

Yesani pa chitunda, galimoto itayang'ana kumtunda kenako kumunsi, phazi lili pafupi ndi buleki. Mukayenda makilomita atatu kapena anayi osaponda buleki kwambiri, yandikizani dzanja pa dilamu lililonse. Lotentha kuposa linzake lamangika mopitirira. Bwezani adjuster mano awiri kapena atatu.