Mwayamba ntchito popanda kontilakiti? Chitani izi mwezi woyamba usanathe

Ntchito ikusowa. Ndiye munthu akauzidwa kuti "bwerani Lolemba mudzayambe, za mapepala tidzaona kutsogolo", sayerekeza n'komwe kufunsa zambiri. Amadziwa kuti panja pa geti payima anthu ena ndi maenvelopu awo a makalata, ndipo akachulutsa mafunso malowo apita kwa iwo. Alonda, ogulitsa m'mashopu, aphunzitsi a sukulu zapulayiveti, madalaivala, amakaniki, ophika m'malesitilanti ndi antchito apakhomo ambiri anayamba motere, ndipo ena atha zaka osaonapo pepala lokhala ndi dzina lawo.

Sindikukuuzani kuti muikane ntchitoyo. Yambani ndithu. Koma ngati abwana sakulemba, inuyo muyambe kulemba, kuyambira tsiku loyamba. Anthu ambiri amene amabwerako chimanjamanja ku ofesi ya leba lamulo linali kumbali yawo. Chinawagwetsa ndi kusowa umboni.

1. Dziwani kuti mgwirizano wapakamwa nawonso ndi mgwirizano

Lamulo loyendetsa za ntchito m'dziko muno, Employment Act ya chaka cha 2000, limati wantchito ndi munthu amene akugwira ntchito pa mgwirizano wolembedwa kapena wapakamwa. Choncho mawu aja akuti "iwe sunasaine kalikonse, ulibe polankhula" ndi ongoopsezera. Mukagwirizana ntchito ndi malipiro, n'kuyamba kugwira, zinthu izi ndi zanu kale ngakhale palibe amene wakuuzani:

- Maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Opitirira apo ndi ovataimu. Ya tsiku wamba imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, pamene ya tsiku lanu lopuma kapena la holide ya boma imalipidwa kawiri.
- Tchuthi cha pachaka cholipidwa: masiku 18 ngati mumagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, masiku 15 ngati mumagwira asanu.
- Mukakwanitsa chaka, tchuthi cha matenda: masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro, bola pakhale kalata ya kuchipatala.
- Kwa amayi, masabata asanu ndi atatu a uchembere olipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu. Kuyambira mu 2021 abambo nawonso ali ndi masabata awiri mwana akabadwa.
- Malipiro osatsika pa mlingo wochepetsetsa umene boma linakhazikitsa. Mlingowu umasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye mukafunse wa panopa ku ofesi ya leba ya m'boma lanu.

2. Funsani zinthu zisanu musanavale yunifolomu

Safunsa anadya phula. Nthawi yabwino yofunsa ndi pamene mukadali mlendo, abwana akukusekererani ndipo sipanakhale chokangana chilichonse. Funsani malipiro ndi angati pa mwezi, komanso ngati chiwerengerocho ndi cholowa m'thumba kapena adzadulapo msonkho ndi penshoni. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa: mumamva ndalama ina pa intavyu, pakutha pa mwezi mukulandira ina, n'kuuzidwa kuti "ija inali yosadula". Funsaninso tsiku lolandirira, nthawi yolowa ndi yoweruka, tsiku lopuma, ndi ntchito yeniyeni imene akulemberani. Wolembedwa ngati wogulitsa pakauntala amapezeka akutsitsa matumba a simenti m'lole chifukwa chakuti poyamba palibe anatchula malire.

Ngati akulonjezani nyumba, chakudya chamasana kapena ya thiransipoti, funsani ngati zili pamwamba pa malipiro kapena mkati mwake.

3. Madzulo a tsiku lomwelo, tumizani uthenga

Pa zonse zili m'nkhani ino, ichi ndi chimene ndikufunitsitsa muchite. Sichifuna ndalama, sichikhumudwitsa munthu, koma chimasandutsa mawu apakamwa kukhala zolembedwa. Tumizani uthenga wa pa WhatsApp kapena SMS kwa amene wakulembani ntchito, mwaulemu, ngati kuthokoza:

"Zikomo kwambiri bwana chifukwa chondipatsa mwayiwu. Ndangoti nditsimikize kuti ndamva bwino: ndayamba lero pa 3 March ngati wogulitsa mushopu, malipiro K150,000 pa mwezi, kulandira pa 28, kulowa 7:30 m'mawa kuweruka 5 koloko, Lamlungu kupuma. Ngati pali pamene ndaphonya mundikonze."

Akayankha kuti "zili bwino", kapena kungoti "ok", mwapeza umboni wa tsiku loyambira, udindo ndi malipiro pa kamodzi. Akakukonzani penapake, ndi bwinonso, chifukwa mwadziwiratu lero m'malo modzadzidzimuka pakutha pa mwezi. Akapanda kuyankha, uthengawo ulipobe ndi deti lake, ndipo zidzaoneka kuti sanautsutse.

Jambulani uthengawo pa sikirini n'kutumiza kwa m'bale amene mumam'khulupirira kapena ku imelo yanu. Foni imabedwa m'minibasi, imagwera m'madzi. Ndipo ngati foniyo ndi ya kampani, dziwani kuti tsiku lokuchotsani ntchito ndi imene adzayambe kulanda.

4. Gulani kope

Kope wamba la ana asukulu ndi lokwanira. Tsiku lililonse lembani deti, nthawi imene mwalowa ndi imene mwaweruka. Mukagwira Lamlungu kapena pa holide ngati pa 6 July, lembani, ndi dzina la amene wakuuzani kuti mubwere. Mukatenga adivansi, lembani. Akakudulani ndalama ati katundu washota, lembani kuti ndi zingati ndiponso ananena chiyani. Mizere iwiri pa tsiku basi.

Kopelo lizikhala kunyumba, osati m'dirowa ya kuntchito. Lembani tsiku ndi tsiku, musadikire kuti zinthu zivute kenako n'kudzaza masamba onse usiku umodzi ndi cholembera chimodzi. Ofisala wa leba waona makope ambiri, amasiyanitsa lolembedwa pang'onopang'ono ndi lophikidwa dzulo.

Sungani chilichonse chosonyeza kuti mumagwira pamenepo: chiphaso cha kuntchito, chithunzi cha ndandanda ya mashifiti yokhomedwa pakhoma, mauthenga okutumani, malisiti amene munalemba ndi dzanja lanu. Koma musatenge zinsinsi za kampani kapena mabuku a ndalama. Kuteroko n'kuwapatsa chifukwa chomveka chokuchotserani.

5. Malipiro azisiya mapazi

Ngati n'kotheka pemphani kuti azikulipirani kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Ndalama yofanana yochokera ku nambala imodzimodzi mwezi ndi mwezi imadzichitira yokha umboni. Ngati amalipira pamanja n'kukusainitsani m'buku, onetsetsani chiwerengero chimene chalembedwa musanasaine. Pali malo ena amene m'buku amalemba ndalama yokwanira mlingo wa boma koma m'envelopu muli yoperewera. Mukasaina, mwavomera kuti munalandira yonse.

Lamulo limati malipiro azibwera ndi pepala lofotokoza ndalama yonse, zimene zadulidwa ndi yotsala. Ndiye kupempha peyisilipi si mwano. Akamakudulani ya penshoni, funsani dzina la kampani yosunga penshoniyo ndi nambala yanu, kenako mukatsimikize nokha kuti ndalama zikufikadi. Lamulo la penshoni limati bwana aziika zosachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Vuto la mabwana odula ndalama koma osatumiza ndi lodziwika, ndipo ena amadzazindikira atakalamba kale.

6. Pemphani kalata mwezi usanathe

Gawo 27 la Employment Act limalamula wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo kuti apereke kwa wantchito aliyense chikalata chofotokoza za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni. M'chikalatamo muyenera kukhala mayina a mbali zonse ziwiri, tsiku loyambira, malipiro ndi kawerengedwe kake, nthawi yolandirira, mtundu wa ntchito, maola, za kathetsedwe ka ntchito ndi malamulo a mwambo wa pamalopo. Tsamba limodzi limakwana.

Kapemphedwe kake n'kofunika. Musalowe mu ofesi ndi mawu akuti "lamulo likuti". Sabata yachiwiri kapena yachitatu, pezani nthawi imene abwana ali okha ndipo sakuthamanga, n'kunena kuti, "Bwana, ndimapempha kakalata kosonyeza kuti ndikugwira ntchito kuno, kolemba udindo ndi malipiro." Ngati mukufunadi kutsegula akaunti kubanki kapena eni nyumba akufuna umboni wa ntchito, tchulani zimenezo, zimafewetsa nkhani. Mabwana ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono sakhala ndi chiwembu ayi. Sanazolowere, kapena amaganiza kuti kontilakiti mpaka loya. Otere mutha kuwapeputsira: lembani nokha tsamba limodzi, musindikize makope awiri, iwo angowerenga n'kusaina.

Kalata ikabwera, musasaine mutayimirira. Pemphani kukawerenga kunyumba. Yang'anitsitsani tsiku loyambira. Ngati munayamba mu March koma alemba June, miyezi itatu ija yafufutidwa, ndipo tchuthi ndi ndalama zolandira ntchito ikatha zimawerengedwa kuchokera pa deti limenelo. Musasaine pepala lopanda kanthu kapena lokhala ndi mipata yoti "tidzalemba pambuyo". Mukasaina, tengani kope lanu. Akati fotokope yawonongeka, jambulani ndi foni pomwepo.

Kwa antchito apakhomo ndi ena amene ali pamalo osakwana anthu asanu, bwana sakakamizidwa ndi gawo limeneli, koma maufulu ena aja akadalipo. Kwa inu uthenga wa pafoni ndi kope ndiye zofunika koposa. Ndipo inu amene muli ndi wantchito pakhomo, kodi chovuta n'chiyani kumulembera tsamba limodzi m'Chichewa? Likutetezani inunso tsiku limene mudzasemphane pa za malipiro.

7. Chenjerani ndi mawu awiri: "pulobeshoni" ndi "waganyu"

Nthawi yoyesedwa imaloledwa kwa antchito aluso, koma iyenera kukhala yogwirizana mbali zonse ndipo singapitirire miyezi 12. Mkati mwa nthawiyi mbali iliyonse itha kuthetsa ntchito popanda notisi. N'chifukwa chake pamalo popanda zolemba mawuwa amatulukira mwadzidzidzi tsiku lokuchotsani: "pajatu unali pa pulobeshoni". Ngati anatchula za kuyesedwa poyamba, funsani kuti ndi miyezi ingati ndipo muike mu uthenga uja. Ikatha, tumizani wina wofunsa ngati mwatsimikizidwa.

La "waganyu" nalo ndi lomwelo. Ganyu ndi ntchito yokhala ndi pothera: kukumba dzenje, kupakira katundu, kulima ndime. Munthu amene amabwera tsiku lililonse, pa nthawi yoikidwa ndi bwana, kugwira ntchito imene bizinesiyo singayende popanda iyo, chaka n'kutha, si waganyu ngakhale amutchule choncho. Lamulo limayang'ana mmene ntchito ikugwiridwira.

8. Zikavuta

Akakana kulemba kalata, inu pitirizani kugwira ntchito bwino ndi kusunga umboni wanu, uku mukuyang'ana kwina. Bwana wokana kulemba zimene analankhula yekha wakuuzani kale mmene adzachitire pa tsiku lovuta.

Akakuchotsani, musapse mtima n'kutukwana, ndipo musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa choti akuuzani kuti "lemba wekha kuti mbiri yako isaipe". Mukalemba, nkhani imasanduka yoti munachoka mwakufuna kwanu. Pemphani kuti chifukwa chokuchotserani achilembe. Lamulo limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka, ndipo ngati akukunenani za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, akupatseni mpata woyankhapo asanagamule. Pa mlandu, udindo wosonyeza chifukwacho uli pa bwana. Wolandira pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro a mwezi m'malo mwake, pokhapokha ngati wachotsedwa pa mlandu waukulu monga kuba. Malipiro anu otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndipo muli ndi ufulu wopempha kalata yosonyeza nthawi imene mwagwira pamalopo.

Dandaulo loti mwachotsedwa mopanda chilungamo limayenera kukafika kwa ofisala wa leba wa m'boma lanu pasanathe miyezi itatu. Anthu ambiri nthawiyi imawathera akudikira lonjezo la "bwera sabata ya mawa tidzakonze". Pitani msanga, ngakhale zokambirana zikupitirira. Ofisalayo amaitana mbali zonse ziwiri kuti agwirizanitse. Zikakanika, nkhani imapita ku khoti la za ntchito, Industrial Relations Court, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ngati pantchito panu pali yuniyoni, auzeni tsiku lomwelo, ndipo amene alibe ndalama ya loya atha kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Popita ku leba tengani chiphaso cha unzika, kope lija, mauthenga osindikizidwa papepala, sitetimenti ya kubanki kapena ya pafoni yosonyeza malipiro, dzina lenileni la bizinesi ndi pamene ili, komanso mayina a anzanu awiri amene angavomere kuti ankakuonani pantchito. Kasiyeni mafotokope, zenizenizo mubwerere nazo kunyumba.