Kasankhidwe ka njira za sitima zothamanga ukakhala mlendo m'dziko la eni

Anthu ambiri akamakonza ulendo wakunja amayamba ndi kufunsa kuti sitima yothamanga kuposa zonse ndi iti. Zoona, kuona sikirini ikulemba makilomita 300 pa ola uli pheee pampando kumasangalatsa, koma funso lothandiza ndi lakuti kuchoka pakhomo pa hotelo yomwe mwagona kukafika pakhomo pa komwe mukupita, zikudyerani maola angati ndi ndalama zingati. Njira iliyonse muziiyeza choncho basi.

Yambani ndi kutalika kwa ulendo. Sitima izi zimagwira bwino ntchito pa maulendo a pakati pa ola limodzi ndi maola anayi, mwina anayi ndi theka. Chifukwa chake nchosavuta, ndege imatha kuuluka ola limodzi lokha koma eyapoti imakhala kunja kwa mzinda, muyenera kufika nthawi ikadalipo, kuchekina, kusechedwa, kenako kukadikiranso chikwama mukatera, ndiye mukaphatikiza zonsezo maola anayi apita kale. Tokyo kupita ku Osaka ndi maola awiri ndi theka pa Shinkansen, sitima yothamanga ya ku Japan. Madrid kupita ku Barcelona chimodzimodzi. Paris kupita ku Lyon maola awiri, ku Marseille atatu ndi mphindi zochepa. Rome kupita ku Florence ola ndi theka, ku Milan pafupifupi atatu. Seoul kupita ku Busan pa KTX, sitima yothamanga ya ku South Korea, sapitirira atatu. Ngakhale ku Morocco, Al Boraq yomwe inayamba mu 2018 imachoka ku Tangier kukafika ku Casablanca m'maola awiri ndi mphindi pang'ono. Beijing kupita ku Shanghai ndi makilomita 1,318 koma sitima yachangu imamaliza m'maola anayi ndi theka, ameneyo ndiye malire ake kwa ine. Njira ngati zimenezi musachite kuganiza kawiri, kwerani sitima.

Zikapitirira pamenepo yerekezani kaye ndi ndege. Beijing kupita ku Guangzhou ndi pafupifupi maola 8, tsiku lonse limenelo, ndipo ngati tchuthi chanu ndi cha sabata imodzi tsiku limodzi ndi lalikulu. Pokhapokha ngati mukufuna kutsika panjira nkugona mzinda wina, apo nde bola.

Mbali inayo anthu amaiwala, maulendo afupi kwambiri. Kyoto kupita ku Osaka Shinkansen imatenga mphindi 15 inde, koma imakusiyani pa Shin-Osaka, pomwe sitima wamba yachangu ya kampani ya njanji ya JR imatenga theka la ola nkukufikitsani pa Osaka Station penipeni ndipo mtengo wake sufika ndi theka lomwe. Mukalipira zambiri kuti mukasinthenso sitima ina kutsogoloko, mwapindula chani?

Zimenezi zikutifikitsa pa nkhani yomwe imagwetsa alendo ambiri, dzina la siteshoni. Mzinda umodzi umatha kukhala ndi masiteshoni anayi kapena asanu ndipo ya sitima zothamanga nthawi zambiri inamangidwa mochedwa, pomwe pakati pa mzinda panalibenso malo. Ku Japan mukaona Shin- kutsogolo kwa dzina, ngati Shin-Osaka, Shin-Kobe, Shin-Yokohama, dziwani kuti ndi siteshoni ina osati yapakati ija. Ku China onetsetsani ngati yalembedwa North, South, East kapena West. Sitima zambiri zochoka ku Beijing kupita ku Shanghai zimanyamukira pa Beijing South nkukafikira pa Shanghai Hongqiao, Xi'an North ndi Guangzhou South zili patali ndithu ndi pakati pa mzinda moti muyenera kuwerengera nthawi ya metro. Ku France siteshoni ya Aix-en-Provence TGV ili kunja kwa tauni, mumakwera basi kuti mukalowe, Avignon TGV nayo mumasinthira kasitima kena kakang'ono. Ku Taiwan siteshoni ya Tainan ndi momwemo. Ndiye musanagule tikiti tsegulani mapu pafoni, lembani dzina lenileni la siteshoniyo ndi la hotelo yanu, muone mphindi zomwe zikutuluka. Kantchito ka mphindi ziwiri koma kamasintha chisankho chonse.

Italy pa nkhani iyi ndimaikonda. Mukatsika pa Firenze Santa Maria Novella, siteshoni yaikulu ya ku Florence, mumangokoka chikwama wapansi, mphindi khumi kapena kupitirira pang'ono mwafika pa tchalitchi chachikulu cha mzindawo. Koma popita ku Venice samalani, sitima imaima kaye pa Venezia Mestre ndipo anthu ena akangomva Venezia amadzambatuka nkutsika, kunja akungoona misewu ndi magalimoto, madzi osaoneka. Khalani pansi, sitima iwoloke mlatho wautali pamwamba pa madzi, mukatsikire pa Venezia Santa Lucia pomwe mukangotuluka pakhomo ngalande yaikulu ili pamaso panu.

Paris nayo ili ndi vuto lakelake. Sitima zochokera ku London ndi Brussels zimafikira pa Gare du Nord, zopita ku Lyon ndi Marseille zimanyamukira pa Gare de Lyon, za ku Bordeaux pa Montparnasse, za ku Strasbourg pa Gare de l'Est. Ngati njira yanu ikudutsa mu Paris siyani ola lathunthu pakati pa sitima ziwirizo, makamaka muli ndi katundu komanso chilankhulo simukuchidziwa.

Kenako pa njanji imodzi yomweyo sitima sizifanana. Pakati pa Tokyo ndi Osaka pali Nozomi yomwe imaima malo ochepa, Hikari yomwe imatenga pafupifupi maola atatu, ndi Kodama yomwe imaima paliponse mpaka maola anayi, zonse zooneka chimodzimodzi kunja. Ku China nambala yoyamba ndi G ndiyo yachangu kwambiri, D ndi yocheperako liwiro, komabe ma G awiri a njira imodzi amatha kusiyana ndi ola lathunthu kutengera moima. Muziyang'ana nthawi yofika, osati yonyamuka yokha. Ku Spain ndi Italy kuli makampani opikisana pa njanji imodzi, Renfe, Iryo ndi Ouigo pakati pa Madrid ndi Barcelona, Trenitalia ndi Italo ku Italy, choncho onani onse chifukwa mitengo imasiyana tsiku lomwelo, ndipo tikiti ya kampani ina siigwira pa sitima ya kampani inzake.

Palinso nkhani ya ma pasi, matikiti omwe mumagula kamodzi nkumakwera nawo sitima zambiri kwa masiku angapo. Anthu amaigula mwachizolowezi poganiza kuti mlendo aliyense amayenera kukhala nayo, koma tengani pepala muwerengere kaye. Mu October 2023 Japan Rail Pass ya masiku 7 inakwera kufika ma yen 50,000, pomwe Tokyo kupita ku Kyoto ndi kubwerera ndi pafupifupi ma yen 28,000. Ngati ulendo wanu ndi womwewo basi, pasi ikukudyerani ndalama, kuonjezera apo Nozomi simungakwere ndi pasiyo popanda kulipira ina yapadera. Imayamba kupindula mukamapita kutali ngati ku Hiroshima nkumayendayenda pafupifupi tsiku lililonse. Eurail, pasi ya ku Europe, nayo ku France, Spain ndi Italy imafuna kuti mulipirenso mpando pa sitima yothamanga iliyonse, pomwe ku Germany sitima zothamanga zambiri za ICE mumangokwera osabukitsa mpando. Ndiye pasi yomweyo ndi yabwino dziko lina, dziko lina ayi.

Malire a mayiko musawaiwale. Eurostar imachoka pa London St Pancras kukafika ku Paris m'maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20, njira yabwino kwambiri, koma Britain sili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Europe, kuphatikizapo France, omwe mumalowa ndi viza imodzi, ndiye ngati pasipoti yanu imafuna viza mufunika ziwiri, ndipo amacheka musanakwere choncho fikani msanga. Hong Kong West Kowloon kupita ku Shenzhen kapena Guangzhou ndi chimodzimodzi, ulendo ndi waufupi koma malamulo olowera Hong Kong ndi olowera China yaikulu ndi osiyana.

Pogula tikiti, ku Europe mitengo imayenda ngati ya ndege, mukagula masabata angapo nthawi isanakwane imatsika kwambiri koma tikiti yotchipayo imamangidwa pa sitima imodzi, mukaiphonya yapita. Ku Japan mtengo susinthasintha kwenikweni ndipo sitima zimanyamuka pafupipafupi, mutha kugula tsiku lomwelo. Ku China matikiti amatsegulidwa kutatsala masiku 15, pa apu ya 12306 kapena Trip.com, ndipo pasipoti yanu ndiyo tikiti, dzina ndi nambala zikhale ndendende monga zilili m'pasipotimo. Pageti pitani mbali yomwe pali wantchito ngati makina akukana kuiwerenga, ndipo fikani kutatsala mphindi 40 kapena kuposa chifukwa masiteshoni ake ndi aakulu, amasecha katundu, geti amatseka sitima isananyamuke. Pewani nyengo ya Chaka Chatsopano cha ku China ndi sabata yoyamba ya October, ku Japan pewani kumapeto kwa April kulowa May, pakati pa August ndi kumapeto kwa chaka, mipando imatheratu.

Katundu naye amasankhitsa njira. Pa Shinkansen ya Tokyo, Osaka mpaka Kyushu, chikwama chomwe kutalika, mulifupi ndi kukhuthala kwake mukaphatikiza zikupitirira masentimita 160 chimafuna mpando wobukitsiratu wokhala ndi malo a katundu, mukapanda kutero mulipira ma yen 1,000. Ouigo ndi yotchipa koma chikwama chachikulu mumalipira padera. Nchifukwa chake ine ndimaona kuti bola kusankha mzinda umodzi wokhala ndi njanji zambiri, kugona komweko masiku angapo nkumapita kwina m'mawa kubwerera madzulo muli ndi kachikwama kakumsana kokha. Kuchoka ku Shanghai, Suzhou ndi theka la ola, Hangzhou pafupifupi ola. Kuchoka ku Madrid, Toledo ndi Segovia ndi theka la ola iliyonse. Kuchoka ku Florence, Bologna sipakwana ndi mphindi 40. Ingogulirani limodzi tikiti yobwerera ndipo muonetsetse nthawi ya sitima yomaliza, chifukwa zambiri mwa sitimazi siziyenda usiku wonse, Shinkansen ikamakwana 12 koloko usiku yasiya kale.