Musananyamuke, Onani Tsiku la Database mu GPS Yanu

Ndimauluka ndi Garmin aera 660, GPS ya m'manja ya oyendetsa ndege, ndipo kachipangizoka ndimakakonda. Koma tsiku lina, ndikuyandikira bwalo lina laling'ono, ndinatenga frequency ya wailesi pa GPS n'kuyamba kuitana. Kuli zii. Ndinaitana kachiwiri, kachitatu, m'manja muli thukuta lokhalokha, mpaka ndinatambasula mapu apepala amene anali pantchafu panga. Frequency inali itasinthidwa, ndipo database yanga inali itatha nthawi miyezi ingapo m'mbuyomo.

GPS imadziwa pamene muli pomvera masetilaiti amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Ikamva anayi, imawerengera malo ndi kutalika komwe. Mbali imeneyi sikalamba. Koma mabwalo a ndege, ma frequency ndi malire a madera oletsedwa sizichokera kumwambako ayi. Zili mu database imene ili m'kati mwa chipangizocho, ndipo imeneyo ndiyo imatha nthawi.

Bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege padziko lonse, linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa AIRAC, yoti kusintha kwa zinthu zimenezi kuziyamba kugwira ntchito tsiku limodzi dziko lonse lapansi, pakapita masiku 28 alionse, Lachinayi. Database iliyonse ili ndi nambala yake: 2405 ndi yachisanu ya chaka cha 2024. Ya zopinga, monga nsanja zazitali, Garmin amaitulutsa pakapita masiku 56.

Ine update ndimapangira kunyumba, dzulo lake la ulendo, osati pabwalo okwera akudikira. Ndimayamba ndadzaza batire. Kenako ndimalowa mu akaunti yanga ya flyGarmin n'kusankha database ya dera limene ndikaulukeko, chifukwa amagulitsa dera ndi dera. Zipangizo zakale monga GPSMAP 296 ndi 496 zimafuna chingwe cha USB ndi kompyuta, pamene aera 660 imathanso kutenga pa Wi-Fi. Ikayamba kukopera, manja kutali. Mukazula chingwe pakatikati mungawononge fayilo n'kuyambiranso. Ikamaliza, zimitsani n'kuyatsanso, ndipo muwerenge masiku awiri amene amaoneka ikamayaka, loyambira ndi lothera. Anthu ambiri amangodina batani osawerenga. Database yatsopano imatuluka masiku angapo isanayambe kugwira ntchito, choncho tsiku loyambiralo ndi lofunika ngati lotheralo.

Maulendo amene munasunga kale muwatsegulenso limodzilimodzi, poti malo ena amachotsedwa kapena kusinthidwa dzina. Komanso database yatsopano siidziwa kuti msewu wa ndege watsekedwa m'mawa uno. Zimenezo zili mu ma NOTAM, zidziwitso zimene amatulutsira oyendetsa ndege, ndipo muyenera kuwawerenga nokha.

Tikafika m'ndege, nkhani yoyamba ndi pokaika. Yesani izi injini isanalire: yandikizani GPS ku kampasi, muyang'ane. Mukaona kampasi ikusuntha, ndiye kuti pamenepo si malo ake. Chingwe chamagetsi chidutse kumene sichingakole chiwongolero, ndipo mukamaona ngati chiwongolero chikuyenda bwino mbali zonse, GPS ikhale itamangidwa kale. Musaisiye padzuwa pansi pa galasi ndege ikaima, kutentha kumafooketsa batire. Muiyatse msanga, makamaka ngati yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kapena mwaitengera kutali, chifukwa imatha mphindi zingapo ikufunafuna masetilaiti.

Ulendo wonse muulowetse muli pansi. M'mwamba maso ndi oyang'ana kunja, ndipo kulemba zilembo ndege ikugwedezeka n'kuitana zolakwika. Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa timabwalo tambiri tating'ono mulibe mu database ndipo mumalemba nokha manambala a malo. Wina akupatsani 30.50, wina 30'50". Pamaso zikufanana, koma yoyamba ndi maminiti 30 ndi theka, yachiwiri ndi maminiti 30 ndi masekondi 50. Miniti imodzi ya latitude ndi mamita 1,852, ndiye masekondi 20 osiyanawo ndi mamita opitirira 600. Kamsewu kaudzu mungakaphonye muli pafupi nako. Onani kalembedwe kamene GPS yanu yaikidwa, ndipo mukalemba muone pa mapu ngati kadontho kagwera pamalo omveka.

Batani la Direct-To ndi lokoma kwambiri: mwadina, mzere wofiirira wajambulika mpaka kumene mukupita. Koma mzerewo sulambalala phiri ngakhale dera lofunika chilolezo. Uyendereni ndi chala kuyambira poyambira mpaka pothera musanautsatire.

Manambala awiri a pa GPS amasokoneza ophunzira. Liwiro limene imaonetsa ndi la mmene mukudutsira pansi, osati la mpweya wodutsa pamapiko. Mphepo ikamakukankhani kumbuyo nambalayo imakwera, komabe mapiko sanapindule kanthu, choncho potera yang'anani airspeed indicator basi, chida cha m'ndege choyeza liwiro la mpweyawo. Kutalika nakonso tsatirani altimeter, chida cha m'ndege choyeza kutalika, yoikidwa QNH (nambala ya kulemera kwa mpweya pamalopo), chifukwa ndege zinzanu ndi oyang'anira pansi akuyendera imeneyo. GPS ya m'manja ndi yothandizira pouluka mukuona pansi, siinavomerezedwe kukhala chida chodalira pouluka m'mitambo.

Mapu apepala aja sindinawasiye. Pakapita mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu ndimayang'ana GPS, ndimayang'ana pansi kufuna mtsinje, msewu kapena njanji, kenako ndimachonga kamtanda ndi pensulo n'kulemba nthawi pambali pake. Sikirini itazima pompano, ndili ndi kamtanda komaliza, kampasi ndi wotchi zoti ndipitirire nazo ulendo.