Mndandanda wogula wa maimelo ukukutseketsani akaunti ya hosting

Nyengo ino yotsatsa malonda a kumapeto kwa chaka yabwera ndi dandaulo limodzi kuchokera kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono, mabungwe ndi magulu a alimi: webusaiti yazima, maimelo sakutuluka, ndipo a kampani ya hosting, yomwe imasunga webusaiti ndi maimelowo, alemba kuti akaunti yaimitsidwa. Ukafunsitsa, chiyambi chake chimakhala chimodzimodzi. Munthu wapeza maadilesi a imelo zikwizikwi, kaya wachita kugula, kaya wapatsidwa ndi mnzake, kaya watola yekha pa mawebusaiti a eni ake, basi n'kuwathira onsewo uthenga wamalonda tsiku limodzi, kudzera pa imelo yomwe ija amalembera makasitomala ake tsiku ndi tsiku. Anthu amene sanamvepo n'komwe za iye. Vuto limeneli ndi lomwe ndikufuna tikambirane, chifukwa likuwonongetsa anthu zinthu zomwe anazivutikira zaka zambiri.

Poyamba timvetsetsane za malo amene mukuchita lendiwo. Ambiri a inu muli pa shared hosting, kutanthauza kuti seva imodzi, kompyuta ya kampani ya hosting, ikusunga mawebusaiti ambirimbiri, ndipo kawirikawiri maimelo a nonsenu amatulukira pa nambala ya IP imodzi, yomwe ndi adilesi ya sevayo pa intaneti. Gmail, Outlook ndi Yahoo akamalandira uthenga amayang'ana mbiri ya IP imeneyo ndi mbiri ya domeni yotumiza, dzina lija limabwera pambuyo pa @ mu adilesi ya imelo. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola: IP ija ikalowa pa mndandanda wa oletsedwa, monga wa Spamhaus, bungwe lomwe lakhala likulondola otumiza spam (mauthenga otumizidwa kwa anthu ambiri osawapempha) kuyambira mu 1998, maimelo a anthu ena osalakwa omwe muli nawo pa seva imodzi amayamba kubwezedwa. N'chifukwa chake a hosting sakunyengererani. Akayerekeza kasitomala mmodzi ndi makasitomala mazana, amatseka mmodziyo, ndipo nthawi zambiri satseka imelo yokha ayi, amaimitsa akaunti yonse pamodzi ndi webusaiti. Zonsezi zinalembedwa mu Acceptable Use Policy, chikalata chija munadinapo kuti mwavomera osachiwerenga. Makampani ambiri amalembamonso kuti akakutsekerani pa chifukwa cha spam, ndalama zomwe munalipiriratu sizibwerera.

Tsono mndandanda wogulawo muli chiyani? Muli zinthu zitatu, ndipo zonsezo ndi zovulaza.

Muli maadilesi akufa. Anthu anasintha ntchito, makampani anatsekedwa, ena anangosiya akaunti zawo zakale. Uthenga wopita kumeneko umabwerera ndi nambala yoyamba ndi 5, monga 550, kusonyeza kuti wakanidwa kotheratu. Munthu amene amalembera anthu omudziwa sabwezeredwa maimelo ambiri chonchi, ndiye seva yolandira ikaona akuti bwererebwerere imadziwiratu kuti wotumizayu sakuwadziwa anthu akewo. Maimelo ena amakanidwa kwa kanthawi chabe, ndi nambala yoyamba ndi 4, monga 421 kapena 451. Amenewa seva yanu imawasunga pamzere n'kumayesanso kwa masiku anayi kapena asanu, moti invoisi yeniyeni yomwe mwatumiza m'mawa uno imakafola kumbuyo kwa zinyalala zanu zomwe.

Muli misampha. Awa ndi maadilesi omwe alibe mwini wake, anaikidwa dala kuti agwire otumiza spam. Ena sanakhalepo a munthu chiyambire, anangobisidwa pa mawebusaiti kuti mapulogalamu otola maadilesi awameze. Ena anali a anthu kalekale, anasiyidwa, anabweza maimelo kwa nthawi yaitali, kenako n'kudzutsidwanso ngati msampha. Adilesi yotere singakupempheni kuti muziitumizira nkhani, choncho uthenga wanu ukafikako palibe chodzitetezera nacho. Ndipo musanamizidwe ndi wogulitsa amene akuti mndandanda wake ndi wotsukidwa. Mapulogalamu otsuka amachotsa maadilesi akufa, koma msampha umalandira imelo bwinobwino ngati adilesi yamoyo, ndiye umapulumuka pa kutsukako.

Chachitatu ndi anthu amoyo amene sakukudziwani, ndipo amenewa ndi omwe amamaliza ntchito. Sayankha, safufuta, amangodina batani la spam. Kuyambira mu February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo awo, ndipo malire a madandaulo ndi 0.3 peresenti. Werengetsani bwino: anthu atatu okha mwa 1,000 aliwonse amene uthenga wawafika. Google imalangiza kuti mukhale pansi pa 0.1 peresenti, munthu mmodzi pa 1,000. Kodi mukuganiza kuti mwa alendo 1,000 amene mwawalowerera osagogoda, angasowe atatu okwiya? Amene amatumiza mauthenga pafupifupi 5,000 pa maola 24 ku maakaunti a Gmail amawerengedwa ngati otumiza ambiri, ndipo ayenera kukhala ndi SPF, DKIM ndi DMARC, zomwe ndi njira zotsimikizira kuti uthenga wachokeradi ku domeni yawo, komanso njira yoti wolandira adzichotse pa mndandanda pongodina kamodzi, pempho lake n'kukwaniritsidwa pasanathe masiku awiri. Chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti domeni ikangofika pa chiwerengero chimenechi ngakhale tsiku limodzi, Google imaiona ngati yotumiza ambiri mpaka kalekale. Microsoft nayo inayamba kufuna SPF, DKIM ndi DMARC kwa otumiza oposa 5,000 patsiku ku Outlook kuyambira mu May 2025.

Mlimi wina wogulitsa mbande za mitengo anachita zomwezi mvula itayandikira. Mphwake wodziwa za makompyuta anamupezera fayilo ya maadilesi, n'kumuikira kapulogalamu kotumizira pa webusaiti. Usiku umodzi mauthenga anapita, kutacha akaunti yatsekedwa. Bamboyo sankamvetsa. Ankangobwereza kuti iye sanabe kanthu ndipo sananamize munthu, amangodziwitsa anthu kuti mbande zakula. Zoonadi sananame. Koma m'masiku omwe akaunti inali yotseka, bungwe lina lomwe linkagula kwa iye chaka ndi chaka linatumiza oda, imelo inabwerera, anthu aja n'kuganiza kuti anasiya bizinesi, nakagula kwina. Akaunti itatsegulidwa, makalata ake a mitengo ya katundu ankagwera mu foda ya spam kwa makasitomala ake akale omwe, iye ali phee kudikira mayankho. Mbande zinakulira m'machubu mpaka mizu kuboola pansi. Mwa alendo onse amene anawalembera, palibe amene anagula.

Mbali yachiwiriyi, yoti maimelo akugwera mu spam, ndi yoopsa kuposa kutsekeredwa akaunti, chifukwa palibe amene amakuuzani. Kwanu kukuoneka kuti uthenga wapita. Mbiri ya domeni ikada, zonse zochokera ku domeniyo zimakayikiridwa: mainvoisi, marisiti, mauthenga osinthira pasiwedi omwe webusaiti imatumiza yokha. Spamhaus ilinso ndi mndandanda wa madomeni, wotchedwa DBL, moti ngakhale mutatumiza kuchokera pa akaunti ina, linki ya webusaiti yanu ikangopezeka m'kati mwa uthenga, uthengawo ukhoza kutsekerezedwa. Kasitomala wanu wokukondani akafuna kutumizira mnzake linki yanu, nayenso imelo yake ikhoza kukodwa.

Zizolowezi zakale ndi zomwe zikutopetsa kwambiri. Mpaka lero pali anthu amene akuunjika maadilesi mazana pa CC, aliyense n'kumaona adilesi ya mnzake. Kumeneko ndi kuulula zinsinsi za makasitomala, ndipo m'gulumo mukangokhala kompyuta imodzi yokhala ndi vairasi, maadilesi onsewo apita kwa akuba. Ena akuti anachenjera, amaika pa BCC. BCC imabisa maadilesi, inde, koma sipereka chilolezo chomwe munthu sanapereke, ndipo ilibe podzichotsera. Ena amagawa mndandanda m'timagulu kuti azembe malire a maimelo omwe a hosting amalola pa ola. Malirewo sanaikidwe kuti muziwazemba, ndipo madandaulo amawerengedwabe kaya mwatumiza pa ola limodzi kaya pa sabata. Ena amathawira pa Gmail yaulere, osadziwa kuti nayo imalekeza pa maimelo 500 patsiku, Google Workspace, yomwe ndi yolipira, pa 2,000, ndipo konseko spam ndi yoletsedwa. Ndiye pali aja amalemba pansi pa uthenga kuti ngati simukufuna ingofufutani. Mwamulowerera munthu, kenako mukumupatsanso ntchito! Ndipo mawu oti aliyense akuchita zomwezi ndatopa nawo. Amene mukuwaonawo, mwina akutumizira anthu omwe analembetsa okha, mwina atsekeredwa mawa.

Kugula domeni yatsopano yofanana ndi yakale sikuthandizanso. Domeni yongobadwa kumene ilibe mbiri, ndipo ikayamba ndi mauthenga zikwi tsiku loyamba imaoneka ndendende ngati ya achinyengo. Mwangowonjezera domeni yachiwiri yakuda, makasitomala n'kusokonezeka kuti yeniyeni ndi iti.

Palinso lamulo, ndipo pa mndandanda wogula simudziwa kuti olandirawo ali m'dziko liti. Ku United States, lamulo la CAN-SPAM la 2003 limafuna kuti mutu wa uthenga ndi dzina la wotumiza zisakhale zonamiza, uthenga ukhale ndi adilesi yeniyeni ya positi ya wotumiza, ukhale ndi njira yodzichotsera, ndipo wopempha achotsedwe pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Chindapusa chake chimawerengedwa pa imelo iliyonse, ndipo chikhoza kupitirira madola 50,000 pa imelo imodzi. M'mayiko a European Union, GDPR, lomwe ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, inayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018. Imaona adilesi ya imelo ya munthu ngati chinthu chake choyenera kutetezedwa, imakhudzanso amalonda a kunja amene akutsatsa katundu kwa anthu a kumeneko, ndipo chindapusa chikhoza kufika mayuro 20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zomwe kampani imapanga pachaka, kutengera chomwe chili chachikulu. Canada inakhazikitsa lamulo lake mu 2014, lofuna chilolezo uthenga wamalonda usanatumizidwe. Mayiko enanso ambiri ali ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu, choncho werengani la dziko lanu. Bizinesi yaing'ono mwina singafike kukhoti, koma a hosting safuna khoti kuti akutsekereni. Akangofunsa umboni woti anthuwa anavomera, inu n'kusowa chowaonetsa, nkhani yatha.

Ngati zakuchitikirani kale, siyani kutumiza lero lomwe ndipo fufutani mndandanda wogulawo, osausunga podikira kuti zinthu zizizire. Lemberani a hosting zoona zokhazokha: munatumiza chiyani, kwa angati, maadilesi munawatenga kuti, ndipo mwasintha chiyani. Apempheni achotse mauthenga otsala pamzere. Onani IP ndi domeni yanu pa chida chofufuzira cha Spamhaus kapena pa MXToolbox. IP ikakhala pa mndandanda wa Spamhaus wotchedwa SBL, wopempha kuti ichotsedwe ndi mwini netiweki, ndiye kuti a hosting, osati inu. Spamhaus silipiritsa pochotsa, choncho wina akakuuzani kuti mumulipire kuti akuchotseni kumeneko, akukuberani. Ngati simunatumize ndinu, ndiye kuti akaunti yabedwa kapena fomu ya pa webusaiti ikugwiritsidwa ntchito ndi ena: sinthani mapasiwedi onse, konzani WordPress, pulogalamu yoyendetsera webusaiti, ndi mapulagini ake (timapulogalamu towonjezera) akhale atsopano, chotsani omwe munawatenga mwachinyengo. Imbirani foni makasitomala akuluakulu, muwapemphe ayang'ane mu spam ndi kudina kuti uthenga wanu si spam.

Za SPF, DKIM ndi DMARC, zomwe zimaikidwa mu DNS, kaundula wa madomeni pa intaneti, ndingokumbutsa pomwe ambiri amapunthwa. Rekodi ya SPF ikhale imodzi yokha pa domeni, ziwiri zimaonongana, ndipo isapitirire ma DNS lookup 10, kutanthauza maulendo omwe seva yolandira imafufuza mu DNS poiwerenga. DMARC yambani ndi p=none (kungoyang'anira osatsekereza kanthu), muwerenge malipoti kwa masabata angapo, kenako mukwere ku quarantine (uthenga wolephera upite mu spam) ndi reject (ukanidwe). Mukaona Gmail ikubweza ndi 550 5.7.26, ndiye kuti SPF, DKIM kapena DMARC yalephera.

Maimelo a malonda atulukire pa kampani yopangidwira ntchito imeneyo, monga Mailchimp kapena Brevo, makamaka pa subdomain, nthambi ya domeni yanu, yakeyake kuti asamasakanikirane ndi mainvoisi. Makampani amenewanso amakana mndandanda wogula, ndiye musakaulowetse kumeneko. Mndandanda mangani nokha: fomu pa webusaiti, munthu alembe adilesi yake, alandire uthenga wotsimikizira, adine, ndiye alowe. Sungani tsiku ndi njira yomwe anavomerera. Yambani ndi anthu ochepa amene amatsegula ndi kuyankha, muzionjezera pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Adilesi yobweza 550 ichotsedwe nthawi yomweyo, ndipo amene akhala miyezi yambiri osatsegula afunseni kamodzi ngati akufunabe, akapanda kuyankha achotseni. Lembetsani domeni yanu pa Google Postmaster Tools, ndi yaulere, ndipo muziyang'ana chiwerengero cha madandaulo mukangotumiza uthenga uliwonse wa gulu.